Mainjiniya ounika nyumba zakale: mmene anagwirira ntchito pa sitolo yathu pa boma la Dedza

Anthu ambiri kuno ku Dedza akafuna kukuza sitolo kapena kusanjika zipinda pamwamba pa nyumba yakale amangoitana mmisiri wodziwika m'dera, kugwirizana naye mtengo, n'kuyamba kugula simenti. Banja lathu linalemba ntchito kampani yaing'ono ya mainjiniya a zomangamanga yochokera ku Lilongwe kuti iyambe yaunika nyumbayo, ijambule mapulani, kenako iziyang'anira amisiri mpaka ntchito itatha. Dzina la kampaniyo ndalisunga popeza pali zina zimene ndidandaule, koma maganizo anga ndi akuti ntchito yawo inali yoyenera ndalama zimene tinalipira, ndipo phindu lake lalikulu linali loti anatikaniza zambiri mwa zimene tinkafuna, n'kutionetsa ndi manambala chifukwa chimene akutikanizira.

Nyumba yake ndi imodzi mwa masitolo amene anamangidwa ndi amalonda achimwenye boma lisanawalamule, m'zaka za m'ma 1970, kuti achoke m'maboma ndi m'midzi n'kupita m'mizinda ikuluikulu. Ndi ya mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ya njerwa zootcha, denga la malata ndi khonde la nsanamira kutsogolo, ndipo pakati pake panali khoma logawa mbali yogulitsira ndi mbali imene kale anthu ankagonamo. Cholinga chathu chinali kugwetsa khoma lapakatilo kuti sitolo ikhale chipinda chimodzi chachikulu, kuthira silabu ya konkire pamwamba kuti pakhale mosungira matumba a chimanga, feteleza ndi mbatatesi, ndiponso kuika thanki yamadzi ya malita 5,000 ndi mapanelo a sola padenga latsopanolo. Kwa ife nyumbayo inkaoneka yolimba kwambiri, chifukwa inali itapirira mvula ya zaka zoposa makumi asanu, kupatula mng'alu umodzi pangodya yakumbuyo umene tinkangoumata ndi simenti ukatseguka.

Tisanasainirane chilichonse tinawapempha mapepala awo, ndipo pamenepa ndiwayamikire chifukwa sanazengereze kapena kukhumudwa. Anationetsa umboni woti kampaniyo inalembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga limene ambiri timalidziwa ndi dzina la NCIC, woti injiniya wosaina mapulani ndi wovomerezeka ndi bungwe la mainjiniya la Malawi Engineering Institution, komanso woti ali ndi inshuwalansi yolipira ngati mawerengedwe awo atalakwika n'kuwonongetsa katundu. Pepala lachitatuli ndi limene eni nyumba ambiri sadziwa kuti liliko, koma ndi lokhalo limene lingakuthandizeni tsiku limene zinthu zavuta.

Tsiku loyamba sanafune n'komwe kuona chithunzi chimene tinajambula cha mmene tinkafunira kuti nyumbayo idzaonekere. Mmodzi anakwera m'siling'i ndi tochi n'kukhalamo nthawi yaitali, wina analamula anyamata kuti akumbe maenje m'mbali mwa makoma, kunja ndi mkati, mpaka pamene maziko athera. Injiniya wamkulu, mayi wosalankhulalankhula, anatenga msomali n'kukanda pakati pa njerwa pamalo pamene pulasitala anali atagwa, ndipo chimene chinatuluka si simenti ayi, koma dothi lofiira limene linangofumbutuka m'dzanja lake. Anandionetsa n'kunena kuti, "Bambo, njerwazi n'zabwino ndithu, koma chozigwirizanitsa ndi matope. Khoma lotere limasenza bwino katundu amene omanga analikonzera, ndipo lingakhale zaka zina zambiri, koma mukaliwonjezera wina kapena kulichotsera mnzake amene limatsamirapo, ndiye kuti mwamanga nyumba ina imene palibe anaiwerengera." M'maenje aja tinaona kuti maziko ndi miyala yoyalidwa ndi matope omwewo, yozama pang'ono chabe kuposa theka la mita, ndipo yotambalala pang'ono kwambiri kuposa khoma lenilenilo. Konkire munalibe.

Luso limene ndinalikonda mwa iwo ndi lotsatira kulemera kwa chinthu chilichonse kuchokera pamene chakhala mpaka kukafika m'nthaka. Malata amatsamira pa matabwa opingasa, matabwawo pa mitanda ya denga, mitandayo pa makoma, makoma pa maziko, maziko pa dothi, ndipo pamalo aliwonse pamene chimodzi chikupatsira chinzake katundu iwo ankafunsa ngati cholandiracho chingathe. Mwa njira imeneyi anapeza chimene ife ndi amisiri athu sitinachione, chakuti mitanda ya denga sinali yathunthu kuchokera kukhoma lina kukafika kulina, koma inali yolumikiza, ndipo mfundo zake zonse zinakhazikika pamwamba pa khoma lapakati lomwe tinkafuna kugwetsa lija. Khomalo tinkaliyesa longogawa zipinda, pamene linali litasenza pafupifupi theka la denga, ndiponso ndi limene linkagwira makoma awiri aataliwo kuti asapendekere kunja kapena mkati.

Nkhani ya chipinda chapamwamba anaithetsa ndi masamu amene aliyense wodziwa kuwerengera matumba angawatsatire. Konkire wa zitsulo amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita, choncho silabu yokhuthala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse, ndipo pa nyumba yathu ya masikweya mita 96 imeneyo ndi matani pafupifupi 35 musanaikepo kanthu. Khoma la njerwa lokhuthala masentimita 23, lotalika mamita atatu, limalemera kuposa tani imodzi pa mita iliyonse ya m'litali mwake, kutanthauza kuti makoma anayi a chipinda chapamwamba akanawonjezera matani ena oyandikira 50. Zonsezi zikanatsikira pa miyala yoyalidwa ndi matope imene kuyambira kale inkangosenza makoma ake ndi malata.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri ndi kulemera kwa katundu wathu weniweniyo. Pansi pa chipinda chokhalamo anthu mainjiniya amawerengera makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita, chifukwa mipando, mabedi ndi anthu oyendayenda salemera kuposa pamenepo. Matumba a makilogalamu 50 mukawagoneka amakwana awiri pa sikweya mita, ndipo wamalonda aliyense wa pa Lizulu kapena pa Chimbiya amadziwa kuti nthawi yokolola palibe amene amasanja matumba atatu n'kusiya, amasanja khumi kapena kuposa. Matumba khumi pamwamba pa anzake ndi tani yathunthu pa sikweya mita imodzi, kuposa kasanu ndi kamodzi zimene silabu ya nyumba yogona imakonzedwera. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti ngozi ya nyumba zambiri zosanja za m'misika mwathu siili m'kamangidwe kokha, koma m'kusintha ntchito ya chipinda, pamene mwini wake wasandutsa malo ogona alendo kukhala nkhokwe popanda kufunsa aliyense.

Mng'alu wa pangodya uja sanauthamangire. Unkayenda mokhotakhota motsatira mizere ya njerwa, wotambalala pamwamba n'kumachepa potsika, ndipo anatifotokozera kuti kang'ambidwe kotere kamasonyeza kuti ngodyayo ikutitimira n'kumapatuka pa nyumba yonse. Dzenje la pamalopo linali lonyowa ngakhale m'chilimwe, chifukwa madzi a padenga ankagwera pomwepo ndipo paipi yakale yotaya madzi inali itasweka pansi. Anamata tizidutswa ta galasi mopingasa mng'aluwo m'malo angapo, n'kulemba tsiku ndi muyeso wake pakhoma, ndipo anati tidikire dzinja lonse tione ngati magalasiwo asweke. Kudikirako kunatiwawa, popeza tinali ndi ndalama m'manja ndipo mitengo ya zipangizo inkakwera, koma magalasi awiri apamwamba anaswekadi mvula itakhazikika, umboni woti ngodyayo inali ikuyendabe. Tikanamata ndi kupenta monga mwa masiku onse, tikanabisa chizindikiro chokhacho chimene nyumbayo inkatipatsa. Anakonza poyamba paipi ndi ngalande, kenako analimbitsa maziko a ngodyayo pokumba pansi pake pang'onopang'ono, chigawo cha mita imodzi nthawi imodzi, kuthira konkire, kudumpha chigawo choyandikana nacho, n'kudzabwerera chinacho chitauma, kuti khoma lisakhale lolenjekeka m'malere nthawi ina iliyonse.

M'lipoti lawo anaikamo gawo la zivomezi, ndipo poyamba ndinaganiza kuti angolikopera kuchokera ku malipoti a ku Karonga, kumene zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri. Koma akuluakulu a kuno amakumbukira chivomezi cha pa 10 Marichi 1989, chimene chinayambira cha ku Salima n'kuwononga nyumba mpaka kuno ku Dedza, ndipo anthu anafa. Kumunsi kwa mapiri athu, kumene msewu umatsetserekera ku Golomoti, kumadutsa mng'alu waukulu wa m'nthaka umene akatswiri amautcha Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100. Chivomezi chimakankha nyumba cham'mbali, ndipo mphamvu ya kukankhako imakula molingana ndi kulemera kwa nyumbayo, makamaka kulemera kumene kuli pamwamba. Kuika matani ochuluka a konkire ndi chimanga pamwamba pa makoma a matope opanda chowamanga pamodzi, khoma lapakati litachotsedwanso, kukanapanga nyumba yoipitsitsa imene munthu angakhalemo nthaka ikagwedezeka. Anatichenjezanso za nsonga za makoma a m'mbali, zija zimakwera mosongoka kutsatira denga, kuti ndi zimene zimayamba kugwa chifukwa palibe chozigwira pamwamba.

Mkulu wanga sanakhutire, ndipo anafunsa funso limene aliyense amafunsa, lakuti nanga anzathu amene asanjika zipinda pa masitolo onga lomweli bwanji nyumba zawo zili chilili. Mayi uja anayankha mofatsa kuti, "Achimwene, nyumba imene sinagwe sindiye kuti ndi yolimba. Mwina yatsala pang'ono, ndipo ikungodikira dzinja la mvula yambiri, kapena chaka chimene mwini wake adzagule chimanga chochuluka. Ine sindingasaine pepala lodalira mwayi." Anatipatsa njira ziwiri. Yoyamba inali yomanga mizati ya konkire mkati mwa nyumbayo, iliyonse ndi maziko akeake, kuti chipinda chapamwamba chikhale pa mizatiyo osakhudza makoma akale, koma mtengo wake unkayandikira wa nyumba yatsopano ndipo mizatiyo ikanadya malo ogulitsira. Yachiwiri inali yosiya sitolo kukhala yapansi, kuchotsa khoma lapakati mwadongosolo, n'kumanga mosungira katundu kuseri, pansi, pamalo amene tinali nawo kale. Tinasankha yachiwiri, ndipo ndiyenera kunena kuti njira yoyambayo ikanawapatsa iwo ntchito yaikulu ndi malipiro ochuluka, koma sanatikokere kumeneko.

Pa kagwetsedwe ka khoma lapakati ndi pamene ndinaona kusiyana kwenikweni pakati pa injiniya ndi mmisiri, ngakhale mmisiri waluso. Nyumba yokonzedwa imakhala yofooka kwambiri pakati pa ntchito, chakale chitachotsedwa koma chatsopano chisanayambe kusenza, ndipo amene amatsatira nkhani amakumbukira nyumba yodyeramo imene inagwa mumzinda wa Blantyre mu 2011 ikukonzedwa, n'kupha anthu. Kampaniyi inalemba ndondomeko ya chimene chiyambe ndi chimene chitsatire, ndipo sinalole kuti njerwa ngakhale imodzi ichoke zochirikizira zisanaime. Anaimika mizere iwiri ya zochirikizira zachitsulo zokwezedwa ndi kupotokola, mbali iyi ndi iyo ya khomalo, chilichonse chitaponda pa thabwa lochindikala kuti chisaboole pansi, ndipo pamwamba pake anagoneka matabwa onyamula mitanda yonse ya denga. Amisiri athu ankafuna kugwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu imene tinali nayo, ndipo injiniya anavomera kuti ithandizire m'mbali, koma osati pansi pa mfundo za mitanda, chifukwa mtengo sungaukweze pang'onopang'ono mpaka utalandira katundu monga mmene chitsulo chimachitira.

Khomalo linagwetsedwa kuyambira pamwamba, mzere ndi mzere, ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, ndipo hamala yaikulu inaletsedwa kulowa m'nyumbamo chifukwa kugunda kwake kumagwedeza makoma a matope n'kumasula njerwa kutali ndi pamene mukumenya. Sanalichotse lonse. Mbali iliyonse anasiya kachigawo ka masentimita 60 kolumikizana ndi khoma lalitali, kuti kapitirize ntchito yoligwira, ndipo kumapeto kwa kachigawo kalikonse anaimika mzati wa konkire wokhala ndi maziko ake. Pa mizati iwiriyo ndi pamene anagoneka mtanda wachitsulo umene tsopano wasenza denga. Pamalo ena, pamene chitsulo chaching'ono cha pamwamba pa chitseko chatsopano chinayenera kukhala pa njerwa zakale, anayamba awumba kabuloko ka konkire pansi pa nsonga zake, ndipo mmisiri wathu wamkulu, bambo wachikulire wa ku Bembeke, anaseka n'kunena kuti, "Mayi, imeneyi ndi nkhata basi, kuti mtolo usaboole mutu." Injiniya anavomera kuti ndi momwemo, popeza chitsulo chimaunjika kulemera konse pamalo aang'ono ndipo njerwa yakale ikhoza kuphwanyika pansi pake. Zochirikizira zija anazimasula chimodzichimodzi, kuyambira pakati, iye ataima pomwepo ndi chingwe choyezera kuti aone ngati denga latsika.

Pamwamba pa makoma onse anathira bimu ya konkire yozungulira nyumba, ya zitsulo zinayi za Y12 (zokhuthala mamilimita 12) zomangidwa ndi mphete, imene nyumba zakale zambiri zilibe. Bimuyi ndi imene imamanga makoma anayi kukhala chinthu chimodzi, ndipo m'menemo anamizamo mabawuti ogwira matabwa a denga kuti mphepo isalinyamule. Popeza denga silinachotsedwe, ntchitoyi inachitika m'zigawo, kukweza mitanda ingapo, kuthira, kudikira, n'kusunthira patsogolo, ndipo zitsulo za chigawo china zinkapitirira kulowa m'chinzake kuti pasakhale podukira. Apa panabuka mkangano wa masiku ochotsera matabwa a shatala, aja ogwira konkire asanaume. Amisiri anazolowera kuchotsa msanga kuti matabwawo akagwire ntchito pena, koma inali nyengo ya Juni ndi Julayi, ndipo pa boma la Dedza, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 poyerekeza ndi nyanja yamchere, kumazizira kwambiri. Konkire amafika pa mphamvu imene amawerengeredwa pakatha masiku 28, ndipo kukazizira amakhwima mochedwa kuposa mmene amachitira ku Salima kapena ku Chikwawa. Injiniya analamula kuti azithiriridwa madzi ndi kufunditsidwa masaka, ndiponso kuti mizati isasenzetsedwe mtanda mpaka iye atanena. Amisiri anang'ung'udza, koma anamvera.

Zina anazithetsa mwachidule. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu okhala pamalo osakwana masikweya mita atatu, choncho inapita pa nsanja yachitsulo yakeyake kuseri kwa nyumba. Mapanelo a sola anawalola, popeza limodzi limalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono, koma anaumirira kuti amangiriridwe ku matabwa osati ku malata okha, chifukwa vuto la mapanelo ndi mphepo imene imalowa pansi pake n'kuwakokera m'mwamba pamodzi ndi chilichonse chimene agwirako. Mlongo wanga atafunsa za matayilosi a padenga, anamuuza kuti a konkire amalemera pafupifupi kakhumi kuposa malata, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. M'siling'i anapezamo mitanda itatu imene chiswe chinadya mkati n'kusiya khungu lokha, yooneka yabwinobwino koma yoboola ndi sikuludilaiva, ndipo inasinthidwa ndi paini wothiridwa mankhwala.

Malangizo ena amene sindinawayembekezere anali okhudza pulasitala. Ife tinkafuna simenti yambiri kuti makoma alimbe, koma iwo anati pulasitala wouma gwa pa khoma la matope amatsekera chinyezi mkati, matope aja n'kumafewa osaoneka, ndipo pamapeto pake pulasitalayo amasendeka ndi nkhope za njerwa. Analemba kuti tisakanize muyeso umodzi wa simenti, umodzi wa laimu ndi isanu ndi umodzi ya mchenga, ndipo laimuyo tinakamugula wa ku Balaka. Pa nyumba yosungira katundu yatsopanoyo analemba mabuloko a simenti, potsatira malamulo a 2018 amene amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda. Anajambulanso zithunzi za khoma la sitolo yoyandikana nafe ntchito isanayambe, mwini wake alipo, kuti mng'alu wakale usadzasanduke mlandu wathu.

Zodandaula zilipo, ndipo si zazing'ono. Lipoti lawo linali la Chingerezi chokhachokha, lodzaza ndi zizindikiro za masamu ndi mayina a malamulo a kamangidwe a ku Britain, moti ngakhale ine amene ndinapita kusukulu ndinavutika kupeza tsamba limene likunena zoyenera kuchita. Choipa kwambiri n'chakuti ndondomeko ya kagwetsedwe ka khoma, pepala limene moyo wa amisiri unkadalira, inalinso m'chinenero chomwecho. Mayi uja akakhalapo ankafotokoza bwino kwambiri m'Chichewa, ndi zitsanzo zomveka, koma akachoka amisiri ankatsala ndi pepala limene sangaliwerenge. Ndinachita kukhala pansi ndi kapitawo n'kulemba ndondomekoyo m'Chichewa pa katoni imene tinaikhoma pakhoma. Kampani imene imagwira ntchito m'maboma iyenera kuchita yokha zimenezi, ndi zithunzi zosavuta, popeza wogwira tchizulo ndi amene denga lingamugwere.

Chachiwiri ndi kayenderedwe ka ntchito. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita oposa 80 pa msewu wa M1, ndipo ulendo uliwonse unali ndi mtengo wake wa mafuta ndi malipiro a tsiku, zimene m'mgwirizano zinalembedwa mwa tizilembo tating'ono kumapeto. Nthawi zina amisiri ankamanga zitsulo n'kukhala osagwira ntchito akudikira kuti injiniya adzaone asanathire konkire, koma tsiku lolonjezedwalo n'kudutsa chifukwa ali pa ntchito ina yaikulu mumzinda. Ulendo wina anatumiza mnyamata wongomaliza kumene maphunziro, waulemu ndi wakhama, koma wosatha kupereka chigamulo popanda kuimbira foni abwana ake pa chilichonse. Zinkaoneka kuti ntchito yaing'ono ngati yathu imakhala kumapeto kwa mndandanda wawo. Kuyesa mphamvu ya konkire sikunali m'mgwirizano, ndipo tinadziwa za tizibuloko ta konkire toyesera timene amatumiza ku labotale titafunsa tokha, mizati itathiridwa kale. Chimene anachita m'malo mwake ndi kugunda mizatiyo ndi kachida kokhala ndi sipuling'i koyezera kulimba, kamene iwo eni anavomereza kuti kamangosonyeza kuuma kwa pamwamba, sikanena zonse za mkati.

Chachitatu ndi mtengo wongoyerekeza wa zipangizo. Anauwerengera asanayambe kudikira magalasi aja, ndipo pakatipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, zitsulo ndi malata n'kukwera kwambiri. Kugwa kwa ndalama si mlandu wawo, koma titapempha kuti awerengerenso anati imeneyo ndi ntchito ina yolipiridwa payokha, zimene ndinaziona kuti n'zouma mtima poganizira kuti kudikirako kunali kolamulidwa ndi iwo omwe. Mtanda wachitsulo umene analemba sunapezeke pafupi, ndipo kuubweretsa kuchokera ku Lilongwe ndi kuukweza popanda makina inali ntchito imene mapulani awo sanaiganizire. Pa mapepala opita ku khonsolo, komabe, anatithandiza bwino, ndipo mapulani awo anavomerezedwa popanda kubwezedwa.

Si ntchito iliyonse imene ikufuna anthu otere. Wofuna kusintha malata ndi malata ena, kupenta kapena kuika matayilosi apansi akhoza kupitiriza ndi mmisiri wake. Koma amene akufuna kuchotsa khoma, kukuza chitseko kukhala khomo lalikulu la sitolo, kuthira silabu, kuika thanki pamwamba, kapena kusandutsa chipinda chapamwamba kukhala mosungira matumba, makamaka pa nyumba zakale za pa boma la Dedza, pa Ntcheu, pa Lizulu kapena pa Tsangano zimene zambiri zinamangidwa ndi matope, ayenera kulipira ulendo woyamba wounika asanagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Kampani imene tinagwira nayo ntchito ndingailembenso, koma ndingaumirire kuti m'mgwirizano mulembedwe magawo a ntchito amene injiniya wosainayo adzabwere yekha, mtengo wa maulendowo uphatikizidwe pamodzi kuyambira pachiyambi, kuyesa konkire ku labotale kukhalemo, ndipo ndondomeko ya zochirikizira ndi kagwetsedwe iperekedwe m'Chichewa kwa kapitawo ntchito isanayambe.